Stent anaika ku India, koma EF ikadali pa 30

Kliniko wa NCD
Anzanga azaumoyo a pa gulu lino la WhatsApp, ndithandizeni msanga, mutu waima. Ndili ndi bambo a zaka 58, BP ndi shuga ndi zakalekale, fodya anasiya chaka chatha. Anabwera kumapeto kwa Epulo pachifuwa pakuwawa kuyambira dzana lake, ECG ST elevation V1 mpaka V4, ma Q wave atatuluka kale. Za strepto, mankhwala osungunula magazi oundana, sitinaganizeko n'komwe, nthawi inali itapita. Ana awo anasonkherana, ng'ombe zinagulitsidwa kumudzi, patatha masabata atatu anapita nawo ku India. Kumeneko anawaika stent (kachitsulo kotsegula msempha) ya mtundu wa DES ku LAD, ina ku RCA, misempha yodyetsa mtima. Discharge summary ikuti EF, gawo la magazi limene mtima umapopa pa kugunda kulikonse, ndi 30%.

Pano akwanitsa masabata asanu chiikireni stent. Lero tapanga echo, EF ili pompaja, 30 mwina 32. Akuti kamtunda kopita kwawo ku Zolozolo amaima kawiri kuti apume. Mapazi atupako, creps pansi mbali zonse, BP 104/68, pulse 92 regular, sats 95. Akumwa Ecosprin 75, Brilinta (ticagrelor, yoletsa magazi kuundana mu stent) 90 bd, atorva 80, metoprolol succinate 25, ramipril 2.5, torsemide 10, panto ndi metformin. Brilinta yatsala ya masiku 6, ndaimba ma pharmacy a mtauni muno palibe amene ali nayo. Nambala ya adokotala a ku India ikungolira. Ndiye mwana wawo woyamba wanditsekera njira pakhomo la clinic, akuti "ndalama zonse zija zapita m'madzi?" Ndimuyankhe chiyani ine? Stent yatsekeka, kapena ndi mmene zimakhalira? Ndipo Brilinta ikatha ndipange bwanji?

Madala
Mwana wanga, ameneyo ndi CCF, mtima wolephera kupopa basi, musavutike ndi mayina a ku India. Chotsani metoprolol, mtima wotopa sitiupondereza. Lasix 40 bd, digoxin 0.125, pakutha pa sabata adzakuthokozani.

Wa Echo
Musanafike kutali achimwene, 30 ameneyo mwamupeza bwanji? Mwayeza pa makina ndi njira ya Simpson kapena ndi maso? Ndipo kumene kuja anayeza ndi chiyani? Anthu awiri pa mtima umodzi, tsiku limodzi, amatha kusiyana ndi 5 ngakhale 10. Ndiye 30 ndi 32 musamawerenge ngati kusintha. Apex, kunsonga kwa mtima, munaiona bwino?

Kliniko wa NCD
Ndi maso. Makina athu kuti mu-trace endocardium pamafunika pemphero. Anterior wall ndi septum sizikugwedezeka kwenikweni, inferior ikuyenda pang'ono. Apex ndinaiona mwa apo ndi apo, bambowa ndi ojintcha.

Wa Echo
Apex ya mwa apo ndi apo pa anterior MI (heart attack ya kutsogolo kwa mtima) yaikulu chonchi ndiye yosagona nayo tulo. Pamenepo ndi pamene pamakhala thrombus, magazi oundana. Agonekeni chakumanzere kwenikweni, dzanja pansi pa mutu, probe mutsike nayo nthiti imodzi ndipo mupite chakunja, atulutse mpweya wonse kenako agwire. Mukaona LV, chipinda chakumanzere chopopa magazi, yozungulira ngati mpira dziwani kuti mwaidula, apex yeniyeni simunafikepo. Muyezenso kukhuthala kwa khoma pa diastole. Likakhala lopyapyala, pansi pa 6 mm, lowala mbee, nthawi zambiri chimenecho ndi chipsera, musalonjeze zambiri. Likakhala lokhuthala bwinobwino koma laulesi, chiyembekezo chilipo. Mukalephera atumizeni ku Central tidzaone limodzi, koma abwere ndi mapepala onse a ku India ndi CD ngati anapatsidwa.

Dokotala wa ku Medical
Ndangotuluka mu ward, pepani. Tiyambe ndi mantha anu a stent. Stent thrombosis, magazi kuundana mu stent, siibwera mwakachetechete chonchi. Munthu amagwidwa pachifuwa mwadzidzidzi, thukuta kamukamu, ST kukwera, ena amathera panjira. Restenosis, msempha kuchepanso, nayo imatenga miyezi ndipo imayamba ndi angina akamayenda. Pangani ECG mawa muyike pambali pa ya pa discharge. Ngati palibe chatsopano ndipo pachifuwa sipakuwawa, EF yosakwera pa masabata asanu si umboni woti stent yatseka. Chenjezo lokha ndi loti a shuga ululu umatha kubisala, ndiye ECG ndi troponin musazidumphe.

Nkhani ndi minofu ya mtima. Stent imatsegula msempha, koma zimene zili kutsogolo kwa msemphawo zili mitundumitundu. Pali minofu imene inangokomoka chifukwa magazi anadukiza kwa kanthawi, stunned, imeneyo imadzuka m'masiku kapena masabata ochepa. Pali imene yakhala ikulandira magazi operewera kwa nthawi yaitali n'kudzichepetsera ntchito, hibernating, imeneyo imatenga miyezi, ina mpaka kupitirira chaka. Ndiye pali yakufa, imene yasanduka chipsera. Imeneyo siibwerera. Bambo anuwa anafika patapita masiku awiri ndi ma Q wave, LAD inatsegulidwa patatha masabata atatu. Kunena mosapsatira, mbali yaikulu ya anterior wall mwina inapita kale asanakwere ndege. Kumene ndingayembekezere kusintha ndi m'mphepete mwa chipseracho ndi dera la RCA.

Echo yobwereza ikhale patatha miyezi itatu chiikireni stent, ali pa mankhwala okwanira. Kumeneko ndi chakumapeto kwa Ogasiti. Kuyeza sabata ndi sabata kungowonjezera mkangano ndi abale.

Madala
Zonsezo nzabwino adokotala, koma munthu akubanika lero, osati mu Ogasiti. Ine ndayamba ntchito muno ku mpoto kulibe echo, tinali ndi stethoscope, lasix ndi digoxin, anthu ankanyamuka pabedi n'kupita kukalima.

Dokotala wa ku Medical
Pa lasix tikugwirizana Madala, munthuyu ali ndi madzi. Pa metoprolol ayi. Manja akutentha, akukodza, BP ili pamwamba pa 100, sali mu shock. Woteroyo beta blocker sitimuchotsera. Timangosiya kukweza mpaka aume. Kuichotsa mwadzidzidzi kwa munthu amene wangochoka pa MI ndi kuitana arrhythmia. Ndipo mankhwala amene amakweza EF pakapita miyezi ndi omwewo mukufuna kuchotsawo, limodzi ndi ACE inhibitor ndi spironolactone.

Famasi
Ndilowepo pa Brilinta chifukwa apa ndi pamene munthu angafe sabata yamawa. Chachikulu, pasakhale tsiku ndi limodzi lomwe lopanda P2Y12, ndiye kuti ticagrelor kapena clopidogrel. Mukaona kuti ticagrelor siifika, musadikire kuti botolo lithe kenako muziyamba kufunafuna. Sinthani mwadongosolo: patatha maola 24 chimwereni ticagrelor yomaliza, clopidogrel 600 mg kamodzi, kenako 75 tsiku lililonse, aspirin akupitirira. Ngati chifukwa chosinthira chikanakhala kutaya magazi tikanayamba ndi 75 osapanga load. Adutsa kale masiku 30 oyamba, amene ndi oopsa kwambiri kusinthira. DAPT, aspirin pamodzi ndi ticagrelor kapena clopidogrel, pa MI ndi miyezi 12 pokhapokha cardiologist anene zina.

600 ameneyo ndi mapiritsi 8 a 75. Amwere pamaso panu. Mukangolemba m'buku, gadiyani akafika kunyumba amaona ngati dzanja linaterereka, amapereka limodzi.

Muonenso bwino pakatoni. Ecosprin ndi aspirin, koma Ecosprin AV muli aspirin ndi atorvastatin pamodzi. Anthu ochokera ku India ambiri amabwera ndi zophatikiza zoterozi, ife n'kuwawonjezera aspirin wathu ndi statin wathu pamwamba. Auzeni abwere ndi jumbo yonse, mukhuthule patebulo.

Kliniko wa NCD
Ndi Ecosprin wamba, ndinaona. Mwana wawo akuti ali ndi mnzake woyendetsa thiraki ya ku Dar, angawagulire Brilinta kumeneko.

Famasi
Mmm. Thiraki ikachedwa pa Songwe masiku atatu ndiye kuti chiyani? Ndipo agula kwa ndani? Ngati akufuna kupitiriza ticagrelor ayese ma pharmacy olembetsedwa ndi PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, ku Lilongwe kapena Blantyre, atumize pa basi, koma awerengetse kaye ngati angakwanitse mpaka chaka chithe. Clopidogrel yomwa tsiku lililonse iposa ticagrelor yomwa mwezi uno, mwezi wamawa ayi. Ndaona anthu akudula ticagrelor kuti azimwa kamodzi patsiku kuti ikhalitse. Mankhwala aja mphamvu yake siichedwa kutha m'thupi, n'chifukwa chake ali bd.

Status yawo ya HIV mukuidziwa? Ndikufunsa chifukwa pa ma ARV, TLD ilibe vuto ndi ticagrelor, koma atazanavir/ritonavir ndi ticagrelor siziyendera limodzi, magazi amatuluka. Ritonavir yomweyo imafooketsanso clopidogrel, ndipo simvastatin ndi yoletsedwa, atorva naye 80 sangatheke. Rifampicin imapha mphamvu ya ticagrelor. Omeprazole musawapatse akakhala pa clopidogrel, asunge panto wawoyo.

Kliniko wa NCD
Non-reactive mu Epulo. TB palibe.

Sisita wa OPD
Ine ndingokuchenjezani za abale. Tinali ndi bambo ena, anaikidwa stent kunja, anabwera bwinobwino, onenepa, akuseka. Patapita miyezi iwiri dzino linayamba kuwawa. Kumene anapita kukachotsa anawauza kuti asiye aspirin ndi clopidogrel kwa sabata kuti asataye magazi. Palibe anafunsa kuti mapiritsiwo akumwera chiyani, iwonso sananene. Tsiku lachisanu usiku anabwera nawo pa galimoto ya aneba, malaya ali chonyowa, akusanza, dzanja lili pachifuwa. Tinayesetsa koma sanafike m'mawa. Dzinolo linali likadali m'kamwa. Mpaka lero ndikaona buku la munthu wa stent ndimalemba pachikuto ndi cholembera chofiira, zilembo zikuluzikulu, kuti aspirin ndi clopidogrel asaimitsidwe ndi wina aliyense, ndi deti loikira stent.

Nesi wa HDU
Sisita mwandikumbutsa mayi aja anataya mankhwala m'chimbudzi atachoka ku mapemphero a usiku. Anauzidwa kuti kumwa mapiritsi ndi kukayikira machiritso. Amenewo anapulumuka koma EF inatsika kuposa poyamba. Panopa ine ndimafunsa mosazungulira kuti mumapemphera kuti, ndipo abusa anu akudziwa kuti muli ndi kachitsulo mumtima? Ena amakwiya, koma bola akwiye.

Madala
Ndiye mwaona, zonsezi ndi mavuto obwera ndi ma stent. Kale kunalibe zoti munthu akasiya piritsi afa tsiku lachisanu. Ine ndikubwereza, digoxin. Pulse 92 imeneyo itsika, mtima upopa mwamphamvu, miyendo iphwa.

Dokotala wa ku Medical
Madala, ali mu sinus rhythm. Kafukufuku wa DIG wa 1997 anaonetsa kuti digoxin sachepetsa imfa.

Madala
Koma anachepetsa kugonekedwa m'chipatala. Ndinawerenga nanenso, musaone imvizi.

Dokotala wa ku Medical
Zoona, anachepetsa. Koma malo ake ndi pambuyo, zinazi zikakwana munthu akadali ndi zizindikiro, kapena akalowa AF, mtima kugunda mosokonekera. Panopa tikuwonjezera lasix, potassium atsika, creatinine sitikumudziwa, digoxin level kuno sitiyeza, mtima uli ndi chipsera chatsopano. Muika digoxin pamenepo, akayamba kusanza mudzati ndi malungo.

Wa Lab
Poti mwatchula creatinine. Musanalembe spironolactone fufuzani kaye ngati U&E (kuyeza impso ndi potassium) ikutheka kumene muliko, osati kulemba fomu basi. Kwathu kuno reagent inatha, tikutumiza kwina ndipo zotsatira zikumabwera mochedwa. Sample ikagona, kapena mwakoka movutikira ndi singano yaing'ono, potassium amakwera yekha m'botolo, kenako mumaimitsa mankhwala abwino chifukwa cha nambala yabodza.

Dokotala wa ku Medical
Apo ndiye pofunika. Spironolactone pa munthu wa EF 30, wa shuga, wochoka pa MI, ndi wofunika kwambiri, koma popanda U&E ine sindiyamba. Potassium akhale pansi pa 5, impso zili bwino, muyambe 12.5, mubwereze magazi patatha sabata imodzi ndi pa masabata anayi. Akadutsa 5.5 chepetsani kapena imitsani. Muwauze kuti akatsegula m'mimba kapena kusanza aimitse spironolactone, ramipril, lasix ndi metformin n'kubwera, koma aspirin ndi mnzake uja asasiye. Chiganizo chimenechi anthu amachimva mopotoka, abwereze okha mumve.

Muwonjezere FBC muone kuchuluka kwa magazi. Munthu wa DAPT amene akubanika, Hb ikhoza kukhala 7 ife tili kalikiliki ndi EF. Funsani za chimbudzi chakuda, kamfuno, magazi m'nkhama.

Famasi
Komanso ticagrelor payokha imabanikitsa. Mu kafukufuku wa PLATO, 2009, pafupifupi 14 pa 100 alionse anadandaula za kupuma. Imabwera ngati befu ladzidzidzi munthu atangokhala, pachifuwa pali mbee, sats zili bwino. Koma anuwa ali ndi creps ndi mapazi otupa, ndiye musainamizire yonse.

Za kusintha enawo akatha: torsemide 10 ndi ngati lasix 20 wakumwa, ndiye munthu wa madziyu anali pa dose yochepa. Ramipril akasowa, enalapril 2.5 bd. Metoprolol succinate akasowa, carvedilol 3.125 bd kapena bisoprolol 1.25, kukweza masabata awiri alionse akauma. Ndi BP ya 104 ine ndingakonde bisoprolol, carvedilol amagwetsako BP. Chonde osati atenolol chifukwa choti ndi amene ali pa shelefu. Pa heart failure alibe umboni.

Kliniko wa NCD
Atenolol ndi amene tili naye wambiri, mpaka makatoni.

Famasi
Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndanena.

Dokotala wa ku Medical
Ngati banjalo lili ndi kandalama kotsala, m'malo mothamangitsa Brilinta ine ndingati agule dapagliflozin 10 mg kapena empagliflozin 10 mg. Ali ndi shuga, ali ndi EF yotsika, BP saigwetsa kwambiri, amathandizanso kuchotsa madzi. Muwachenjeze za ukhondo kumaliseche chifukwa thrush imabwera, ndipo akadwala osadya aimitse. Sacubitril/valsartan ndi BP imeneyi ayi kaye, ndipo wina akadzawalembera akumbuke maola 36 chisiyireni ramipril.

Kwa mwana wawo uja, ine ndimafotokoza ndi chimanga. Ng'amba ikagwa mu Febuluwale munda wonse umafota. Mvula ikabwera, china chimadzuka mawa lake, china chimatenga nthawi, koma chimene chinauma kale ngakhale muthirire ndi ndowa sichibwerera. Anthu amamva msanga. Ndipo musanene kuti ndalama zinapita pachabe, musanenenso kuti mtima ubwerera mwakale. Zonse ziwiri simukuzidziwa.

Intern
Pepani akuluakulu, funso. Ndiye kutsegula msempha mochedwa chonchi kumathandiza EF kapena ayi? Ku sukulu tinkangomva kuti time is muscle.

Dokotala wa ku Medical
Mukatsegula m'maola oyamba, phindu ndi lalikulu, mumapulumutsa minofu imene ikanafa. Mochedwa nkhani imasintha. Kafukufuku wa OAT, 2006, anatenga anthu amene anali bwinobwino koma msempha uli chitsekere masiku 3 mpaka 28 chichitikireni MI. Kuika stent sikunachepetse imfa, MI ina kapena heart failure poyerekeza ndi mankhwala okha. REVIVED-BCIS2 ya ku UK, 2022, anthu 700 a EF 35 kutsika pansi, okhala ndi minofu yooneka kuti ikadali moyo: PCI (kuika stent) sinachepetse imfa kapena kugonekedwa, ndipo EF inakwera mofanana mbali zonse ziwiri. Kutanthauza kuti chimene chinkakweza EF ndi mankhwala. CABG, opaleshoni ya bypass, mu kafukufuku wa STICH inaonetsa phindu pa imfa, koma linaoneka bwino atawatsatira zaka 10. Izi sizikutanthauza kuti bambowa anapita pachabe, sitikudziwa zimene anaona pa angiogram, mwina LAD inali yotseguka pang'ono, mwina ankamvabe ululu. Koma ntchito yokweza EF yatsalira ife a kuno, ndi timapiritsi totchipa.

Madala
Ehee. Ndiye mwavomera nokha kuti mankhwala ndi amene amagwira ntchito. Mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Wa Echo
Mankhwala ake si digoxin Madala 😂

Madala
Sekani. Pa ward ina kumudzi ndinali ndi agogo otupa mpaka m'mimba, mpweya wa oxygen kulibe, msewu woduka ndi mvula. Digoxin ndi lasix basi. Anakhala zaka, ankandibweretsera nthochi.

Dokotala wa ku Medical
Agogo amenewo mwina anali a rheumatic, mitral ndi AF. Pamenepo nanenso ndikanapereka. Uyu ndi wina.

Fiziyo
Ine mbali yanga aliyense amaiiwala. Anthu ochokera kunjawa akafika kunyumba amasungidwa ngati dzira, saloledwa ngakhale kutunga madzi osamba, amangokhala pampando ndi bulangete. Pakatha mwezi miyendo yafooka, akayenda pang'ono befu, onse amati mtima. Akangouma madziwa ayambe kuyenda pamalo athyathyathya, mphindi 5 mpaka 10 kawiri patsiku, kuwonjezera pang'onopang'ono sabata iliyonse, pa liwiro loti akutha kucheza. Zitunda za Mzuzu azisiye kaye, pobwerera akwere sacramento. Ndi kuzizira kwa Juni kuno asatuluke mbandakucha, adikire dzuwa. Pachifuwa pakawawa, chizungulire, mtima kugunda mosokonekera, aime. EF ikhoza kukhala pa 30 pomwepo munthu n'kumayenda mtunda wowirikiza. Ku clinic muwayeze six minute walk pakhonde, mulembe mamita, mwezi wamawa mubwereze. Abale akaona nambala imene ikukwera mtima umakhala pansi.

Ndipo wina awafunse za kuchipinda, okha sanena. Amuna a msinkhu umenewu amakagula sildenafil mwakabisira. Ngati ali ndi GTN kapena isosorbide m'thumba, BP imagwa osadzukanso.

Sisita wa OPD
Zoona a Fiziyo. Kuwonjezera apo, zakudya. Mukangoti "chepetsani mchere" mayi akunyumba amavomera, koma usipa wouma wothira mchere uli pomwepo, therere la soda, timakyubu tothira mu ndiwo, ndi kambale ka mchere patebulo. Soda amene uja ndi sodium yemweyo. Muitane amene amaphika, osati mwana wa ku ofesi amene amalipira. Sikelo agule, aziyeza m'mawa uliwonse akakodza, akakwera makilo awiri m'masiku atatu abwere. Ndipo Bufen, Indocid, diclofenac za m'magolosale ayi. Msana ukawawa, Panado.

Nesi wa HDU
Indocid ameneyo anthu amamwa ngati maswiti. Pa DAPT ndi ramipril ndi spironolactone, mudzalandira munthu wosanza magazi impso zitaima.

Wa Echo
Ndibwerere pa apex paja, chifukwa mukapeza thrombus zonse mwakambiranazi zisintha. Pamafunika warfarin, INR 2 mpaka 3, miyezi itatu kenako echo. Ndipo warfarin ndi ticagrelor ndi aspirin pamodzi ayi. Nthawi zambiri munthu amatsala pa clopidogrel ndi warfarin, aspirin n'kuchoka, koma chimenecho musagamule nokha pa gulu la WhatsApp, muimbire physician. Muonenso MR (valve ya mitral kudontha) ndi pericardial effusion (madzi ozungulira mtima).

Kliniko wa NCD
Ndamva. Mawa ECG, FBC, U&E ngati zitheka, lasix 40, abwerenso Lachisanu ndi sikelo. Koma funso la mwana uja likadalipo. Akuti ku India anawauza kuti EF ikapanda kukwera adzabwerenso adzaike kachipangizo. Akufunsa ngati ayambe kugulitsa puloti.

Dokotala wa ku Medical
Akunena ICD. Imaganiziridwa EF ikakhala 35 kutsika pansi patatha masiku osachepera 40 chichitikireni MI, masiku 90 chiikireni stent, munthu atamwa mankhwala okwanira miyezi itatu. Sitinafikepo. Asagulitse kanthu panopa. Ambiri amadutsa 35 mankhwala akakwezedwa bwino, ena sadutsa. Ndipo amvetse kuti ICD siikweza EF, siichotsa befu, ntchito yake ndi kuletsa imfa yadzidzidzi ya arrhythmia. Imafunanso kokayezetsa pafupipafupi ndi kusintha batire pakapita zaka. Zikadzafika pamenepo afunsenso ku JKCI, chipatala cha mtima ku Dar es Salaam, kwa ife a kumpoto ndi kufupi kuposa India. Koma akakomoka, kapena mtima ukathamanga mpaka chizungulire, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lomwelo, osadikira Ogasiti.

Sisita wa OPD
Puloti asagulitse ndithu. Ndaona mabanja akutsala ndi nyumba ya lendi, wodwala n'kusowa ngakhale ya clopidogrel.

Madala
Digoxin mtengo wake ndi wa tomato. Palibe amagulitsa puloti. Ndangodutsa.

Intern
Adokotala, nanga ivabradine pa pulse 92?

Dokotala wa ku Medical
Beta blocker akwere kaye. Ndipo pulse imeneyo mwina ndi madzi kapena Hb. Muumitseni muone.

Wa Lab
A Kliniko, sample ya mawa ifike isanakwane 9, galimoto imanyamuka nthawi imeneyo. Botolo lofiira, osati la EDTA, mwezi watha wina anatitumizira potassium wa munthu wakufa pa munthu woyenda.

Wa Echo
Pa nkhani ya makina, alipo amene ali ndi nambala ya amisiri okonza ma probe? Yathu ya cardiac chingwe chayamba kusweka pakhosi, tamanga ndi pulasitala. Chithunzi chikumabwera ndi mzere wakuda pakati, ndendende pamene pamakhala septum.

Nesi wa HDU
Mzere umenewo mudzaulemba kuti akinetic 😂

Wa Echo
Musaseke, gel nayenso tikugwiritsa wa ku maternity.

Fiziyo
Paja training ya echo ija inanenedwa chaka chatha inathera kuti? Mayina tinapereka.

Nesi wa HDU
Inachitika. Anapita ndi a ku ofesi.

Sisita wa OPD
A Kliniko, bambo aja zinatha bwanji? Lachisanu linadutsa. Clopidogrel anayamba?

Famasi
Nanenso ndikudikira. Ngati Brilinta inali ya masiku 6 ndiye yatha dzulo.

Madala
Mwina anamvera malangizo anga, akuchita manyazi kunena.

Intern
Akuluakulu pepani kusokoneza, alipo angandigwirire call ya Loweruka usiku? Ndili ndi chinkhoswe cha achemwali ku Ekwendeni, ndidzabweza Lamulungu la sabata inayo.

Nesi wa HDU
Funsani ku gulu la rota, kuno akuthamangitsani. Komanso amene simunapereke ya chipepeso cha anzathu aja, tikutseka mawa 12 koloko, nambala ndi yomwe ija.